Kuchereza Alendo mu Mzinda wa Guangzhou

Amayi anzanga, ena mwa inu mwayamba kupita ku Guangzhou, m'dziko la China, kukaoda katundu kapena kukaona ana amene ali pasukulu. Mzinda umenewu Azungu ankautcha Canton, ndipo chionetsero chake chachikulu cha malonda chinayamba m'chaka cha 1957. Tsono tsiku lina inu ndinu mudzakhale wodziwa njira, anzanu ochokera kwathu n'kukupezani kumeneko. Kodi mudzawachereza bwanji? Nzomvetsa chisoni mayi kuyenda ulendo wonsewo, koma n'kumangodya buledi m'chipinda chifukwa choopa chakudya chachilendo. Mantha otere amathetsa ndi wochereza.

Yambani m'mawa ndi mwambo wa yum cha, kutanthauza kumwa tiyi. Mabanja amakhala mozungulira tebulo, nadya tizakudya ting'onoting'ono totchedwa dim sum, tobwera m'timadengu tansungwi tikutuluka nthunzi. Musayambe ndi zodabwitsa. Aitanitsireni phala la mpunga ndi zipalapasiro za nkhuku, zimene eni dziko amaziphika mpaka kufewa. Akaona zozolowera, mtima ukhala pansi, ndipo zinazo alawa okha. Masana ayeseni nsomba yophikidwa ndi nthunzi, yothira jinja ndi anyezi wamasamba. Anthu a ku Canton sakonda tsabola wambiri. Chimene amanyadira ndi ndiwo zatsopano, monga momwe ife timanyadira chambo chongovuulidwa kumene.

Koma musanaitanitse, funsani kaye. Nyama ya nkhumba imabisala m'zakudya zambiri, makamaka m'timabanzi toyera totchedwa char siu bao. Ngati mnzanu sadya nkhumba, pitani naye ku Xiaobei, dera limene kumapezeka anthu a ku Africa ndiponso malo odyera a Asilamu.

Aphunzitseninso ulemu wa patebulo asanachite manyazi. Wina akakuthirirani tiyi, mumagogoda tebulo ndi zala ziwiri, ndiye zikomo wake. Madzi akatha m'tiipoti, mumatsegula chivindikiro pang'ono, ndipo woperekera zakudya amadziwa yekha. Timitengo todyera sazika chilili mumpunga, pakuti kutero kumakumbutsa zofukiza za pamaliro. Amene tamukanika apemphe supuni, palibe mlandu.

Dzuwa likapendeka, pitani nawo pa chilumba cha Shamian. Pamenepo pali mitengo ikuluikulu yamthunzi ndi nyumba zakale zimene anamanga Angerezi ndi Afalansa, ndipo mapazi otopa ndi misika amapumulapo bwino. Kukada, kwerani bwato pa mtsinje wa Pearl. Milatho ndi nyumba za m'mbali mwake zimayaka magetsi, ndipo nsanja ya Canton Tower, yotalika pafupifupi mamita 600, imene inatsegulidwa mu 2010, imasinthasintha mitundu kuyambira pansi mpaka kunsonga. Musalongolole ndi kufotokoza; alekeni aone okha.

Kumbukirani kuti nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi ya ku Malawi, choncho thupi la mlendo limakhala lisanakhazikike. Malo awiri oonedwa modekha amaposa khumi othamangira. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Katundu amene anzanu agule adzatha pa msika, koma madzulo amene munakhala nawo pa mtsinje adzawasimbabe pa mtondo ndi kuchigayo.