Mpunga wa pa bwalo la ndege: tizifunsa kaye

Enafe a ku Ching'ambo timapita ku Guangzhou kukaoda katundu, kudzera ku Addis Ababa. Tikatsika ndege njala itatipweteka, timangoloza mpunga wokazinga pa malo odyera, poganiza kuti muli dzira ndi masamba basi. Komatu kawirikawiri mumakhala tizidutswa ta nkhumba kapena tinkhanu ta m'nyanja, zimene Levitiko 11 amatiletsa.

Pa Chitchaina, mawu akuti "rou", nyama, akakhala okha nthawi zambiri amatanthauza nkhumba. Choncho tisanagule tizinena kuti "bu yao zhurou", sindikufuna nkhumba. Chapafupi n'kusaka malo odyera a Asilamu, amene kumeneko amawatcha "qingzhen", chifukwa nkhumba siilowa m'khitchini mwawo. Koma za tinkhanu tija tizifunsabe, poti Asilamu ambiri amadya.