Kupanga Sopo Pakhomo: Sikelo Iyambe, Mthiko Pambuyo

Popanga sopo pamafunika zinthu zitatu zokha: mafuta, madzi ndi kositiki soda. Fungo ndi mtundu ndi zokometsera chabe. Kositiki akasungunuka m'madzi n'kukumana ndi mafuta, amawaphwanya n'kutulutsa zinthu ziwiri zatsopano, sopo ndi gilisalini. Amene anafotokoza bwino zimenezi ndi katswiri wa ku France, Michel Eugène Chevreul, m'buku lake la mu 1823 lonena za mafuta a nyama, ngakhale kuti anthu anayamba kalekale kupanga sopo asakudziwa chochitika mumphikamo. Akalewo ankagwiritsa ntchito madzi a phulusa, omwe kwathu kuno timawatcheza n'kukhala chidulo chophikira therere. Vuto la chidulo n'lakuti ukali wake sudziwika, lero chaluma, mawa chazizira, ndipo sopo wake amatuluka wofewa chifukwa m'phulusa muli potaziyamu wambiri. Wophunzira ayambe ndi kositiki wogula. Asamusokoneze ndi soda wophikira uja, amene sangapange sopo ngakhale mutavundula tsiku lonse.

Chimene oyamba kumene amachipeputsa ndi sikelo. Tinazolowera kuyeza ndi kapu kapena chikhatho, koma pano zimenezo n'zangozi, chifukwa mtundu uliwonse wa mafuta umadya kositiki pa mlingo wakewake. Mawese, mafuta ofiira aja odziwika ku Karonga, akakhala magalamu 1,000 amafuna kositiki pafupifupi magalamu 141. Mafuta a mpendadzuwa olemera chimodzimodzi amafuna pafupifupi 134, pomwe a kokonati amadutsa 180. Mukathira kositiki wa mlingo wa kokonati m'mafuta a mpendadzuwa, wotsalayo amakhalira m'sopo momwemo, n'kudzawotcha khungu la mwana posamba. N'chifukwa chake odziwa amachepetsa dala kositiki ndi magawo 5 pa 100 alionse, kuti patsale timafuta tofewetsa khungu. Choncho pa mawese magalamu 1,000 thirani kositiki 134 ndi madzi pafupifupi 300. Zonsezi ziyezedwe pa sikelo, ngakhale madzi amene.

Mafutawo amasiyananso khalidwe. Mawese ndi mafuta a ng'ombe osungunula n'kusefa amalimbitsa sopo. Kokonati amachulutsa thovu koma akachuluka amaumitsa khungu. Mpendadzuwa payekha amapereka sopo wofewa, wosachedwa kununkha ngati mafuta akale. Ine ndikuona kuti ulendo woyamba ndi bwino kugwiritsa ntchito mtundu umodzi wolimbitsa, kusakaniza kudzabwere dzanja likazolowera.

Kositiki si wosewera naye. Valani magolovesi, magalasi oteteza maso ndi malaya a manja aatali, ndipo gwirirani ntchitoyi panja kapena podutsa mphepo, ana ndi ziweto zili kutali. Nthawi zonse thirani kositiki m'madzi pang'onopang'ono, musathire madzi pa kositiki, chifukwa akhoza kufwanthamuka n'kukuthovokerani kumaso. Madziwo amatentha okha popanda moto ndipo nthunzi yake imatsamwitsa. Mapoto a aluminiyamu, omwe ndiwo ambiri m'makhitchini mwathu, asayandikire, pakuti kositiki amawadya n'kutulutsa mpweya woyaka. Gwiritsani ntchito ndowa ya pulasitiki yolimba kapena poto wa chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo ziwiyazo zisabwererenso ku chakudya. Kositiki akakudontherani pakhungu, tsukanipo ndi madzi ambiri kwa mphindi 20. Akalowa m'maso, tsukani n'kuthamangira kuchipatala.

Madzi a kositiki ndi mafuta zikafika pofunda, cha m'ma digiri 40, thirani madziwo m'mafuta uku mukuvundula. Apa m'pofunika chipiriro, pakuti ndi mthiko zikhoza kutenga ola kapena kupitirira, pomwe kamakina kovundulira ka magetsi kamatha m'mphindi zochepa. Muleke zikalimba ngati phala la mwana, moti mukadontheza pamwamba mzere wake ukuoneka kanthawi usanamire. Mukaleka msanga, mafuta adzayandama paokha m'chikombole.

Chikombole chikhoza kukhala kabokosi ka matabwa koyalamo pepala la pulasitiki. Vundikirani ndi nsalu, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri chotsani n'kudula mitanda mutavalabe magolovesi. Kenako imikani mitandayo motalikirana pamthunzi podutsa mphepo kwa milungu 4 mpaka 6, kuti madzi aphwe ndi ukali uthe. Sopo wosambira msanga amasungunuka m'masiku ochepa ndipo amayabwa.

Khalani ndi kope lolembamo tsiku, mtundu wa mafuta ndi magalamu a chilichonse chimene mwathira, kuti sopo akatuluka wonyenyeka kapena wamafutamafuta mudziwe pokonza. Mukasintha mafuta, werengetsaninso kositiki musanatsegule paketi.