Mafoni akukuliranji chaka ndi chaka?

Kafoni kamakono kokwana bwinobwino m'dzanja limodzi kakusowa m'mashopu masiku ano. Ambiri mwa mafoni atsopano ali ndi sikirini yoposa mainchesi 6, ndipo amene tikukankha makampani kuti aziwakulitsa chonchi ndife ogula tomwe.

iPhone yoyamba, ya mu 2007, inali ndi sikirini ya mainchesi 3.5 basi. Mu 2010, Steve Jobs, yemwe anali mkulu wa Apple, adanyoza mafoni akuluakulu ponena kuti palibe angawagule. Chaka chotsatira Samsung idatulutsa Galaxy Note ya mainchesi 5.3. Ena adaiseka kuti ndi chimbale, koma anthu adaigula mwaunyinji. Mu 2014 Apple idagonja n'kutulutsa iPhone 6 Plus ya mainchesi 5.5. Idayesanso tating'ono mu 2020 ndi iPhone 12 mini, kenako 13 mini, koma ogula sadatengeke nato. Pofika 2022 malo ake adatengedwa ndi iPhone 14 Plus ya mainchesi 6.7.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva: foni sitikuiika kwambiri pakhutu, tikuiyang'ana. TikTok, mpira, manotsi a kusukulu obwera pa WhatsApp, kudzaza fomu ya ntchito, zonsezi zimafuna malo. Kwa achinyamata ambiri kuno kwathu, foni ndiyo TV, kompyuta ndi banki yomwe. N'chifukwa chake Tecno, Infinix ndi itel, mayina atatu a kampani imodzi ya ku China yotchedwa Transsion, amaika sikirini yaikulu ngakhale pa mafoni otsika mtengo.

Pali phindu linanso lomwe ine ndimaliona lalikulu. Foni ikakula, mumalowa batire lalikulu, nthawi zambiri la 5,000mAh. Magetsi akathima tsiku lonse, nambala imeneyi ndiyo imakupulumutsa.

Komatu ukulu uli ndi mtengo wake. Chifoni sichikwana bwino m'thumba, ndiye chimathera m'manja, poonekera kwa otsomphola pa depoti. Chala chachikulu sichifika pamwamba, ndipo ukamayesa kutambasula uli mu minibasi, foni ija pansi phwa! Kusinthitsa sikirini kumadya ndalama zomwe bwenzi utagulira bandulo ya miyezi ingapo.

Musanatulutse ndalama, dziwani kuti mainchesi amayezedwa mopingasa, kuchoka pakona ina kufika pa inzake. Mafoni a lero amatalika kuposa kutambalala, choncho awiri olembedwa nambala yofanana akhoza kumveka mosiyana m'manja. Funsaninso za kuwala ndi kuoneka bwino kwa zithunzi, chifukwa sikirini yaikulu yosawala mokwanira simuona kanthu padzuwa la Okutobala.

Langizo langa ndi ili: igwireni kaye, lembani uthenga ndi dzanja limodzi, iyeseni m'thumba. Ikakana, musadzikakamize chifukwa choti anzanu ali nayo.