Crown ndi Lexus za hybrid: mtengo wogulira ndi chiyambi chabe

Malonda a usipa kapena a mpunga akayenda bwino zaka ziwiri zitatu, maganizo a wamalonda amayamba kupita ku galimoto. Pa masamba a BE FORWARD ndi SBT pamapezeka Toyota Crown Hybrid kapena Lexus GS 450h yakale pa mtengo wosasiyana kwambiri ndi wa tigalimoto ting'onoting'ono. Mipando yachikopa, injini yosamveka phokoso, ndiponso dzina loti hybrid, lomwe ambiri amalimva ngati lonjezo loti mafuta sadzawavutanso. Ku Japan galimotozi zimatsika mtengo chifukwa eni ake akudziwa kuti zafika msinkhu woyamba kudya ndalama, ndipo woigula ndi amene adzalipire.

Lexus GS 450h idayamba kugulitsidwa mu 2006, pomwe Crown Hybrid ya 2008 idatengera makina omwewo: injini ya petulo ya V6 ya malita 3.5 yothandizana ndi mota yamagetsi, zonse pamodzi mphamvu zake pafupifupi mahatchi 340. Magetsiwo adawaikamo kuti galimoto izithamanga kwambiri, kupulumutsa mafuta kudabwera pambuyo. Hybrid imapulumutsa mafuta pomwe galimoto zikuyenda pang'onopang'ono, kuima n'kunyamuka, monga mu Limbe madzulo. Pa msewu wa Mangochi kupita ku Liwonde kapena ku Monkey Bay injini imalira pafupifupi ulendo wonse, ndipo malita 3.5 amamwa monga mwa msinkhu wake. Crown ya injini ya malita 2.5 yomwe idatuluka cha mu 2013 imamwa mochepa ndithu, koma mavuto otsatirawa nayonso imakumana nawo.

Kukula kwa injiniko kumayamba kuluma galimoto isanafike n'komwe. Ikatsika pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, msonkho wa MRA umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Yaikulu injini komanso yakale imagwa mbali yowawa pa zonse ziwiri.

Nkhani yaikulu ndi batire. Kuseri kwa mpando wakumbuyo kwa GS 450h kuli batire ya mavoti 288, yopangidwa ndi timabatire 40 tolumikizana. Mdani wake wamkulu ndi kutentha, ndipo aliyense amene adakhalapo ku Mangochi mu Okutobala akudziwa mmene galimoto yotsekedwa padzuwa imasandukira uvuni. Batire imaziziritsidwa ndi fani yomwe imakoka mpweya wa mkati mwa galimoto. Fumbi la mumsewu, mchenga wa kunyanja, ulusi wa matumba, ngakhale mamba a usipa wouma, zonsezi zimakathera mu faniyo. Ikatsekeka, batire imapsa mwakachetechete miyezi yambiri mpaka tsiku lomwe pa dashibodi padzayake nyali zochenjeza, kompyuta n'kuonetsa nambala yoti P0A80, kutanthauza kuti batire yatha. Zikafika apo mphamvu zimachepa, injini imalira mosalekeza, ndipo tsiku lina galimoto imangokana kunyamuka. Kukankha sikuthandiza chifukwa batire yomweyo ndi imene imaliza injini.

Amakaniko ena amachotsa kabatire kamodzi kofooka n'kuikapo kena kochokera m'galimoto yophwasulidwa. Njirayi ndi yotchipa ndipo nyali imazimadi, koma timabatire totsalato n'tamsinkhu umodzi ndi kakufako, ndiye pakapita miyezi kena kamatsatira. Batire yathunthu imachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata dola. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya masipeya idakwera nawo pomwe mtengo wa chigoba cha usipa umatsata nyanja. Choipa china n'chakuti miyezi yotentha kwambiri, yomwe batire yofooka imagonja, imagundizana ndi Novembala ndi Disembala pomwe usodzi wa makoka ena umatsekedwa ndipo ndalama m'madoko zimachepa.

Pali zina zitatu zomwe eni galimotozi amadandaula nazo. Choyamba ndi kapampu koyendetsa madzi oziziritsa inveta, chipangizo chosintha magetsi a batire monga zimachitikira pa sola. Kapampuko si kodula kwenikweni, koma kakafa mwini n'kupitiriza ulendo, inveta imatha kupsa, ndipo imeneyo ndi ndalama zambiri. Chachiwiri ndi bokosi loyendetsa mabuleki: likayamba kung'ung'uza pafupipafupi ngakhale galimoto itaima, ndiye kuti likutha, ndipo poika lina pamafunika kompyuta. Chachitatu ndi pampu yamagetsi ya oyilo wa giyabokosi, yomwe mabering'i ake amatha pa GS 450h ndi Crown ya malita 3.5.

Zonsezi zimafuna makaniko wodziwa hybrid komanso wokhala ndi kompyuta yowerenga makina a Toyota. Ambiri otere ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kuchoka pa Boma la Mangochi kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo galimoto yomwe yakana kuliza imayenera kunyamulidwa pa lole. Pamwamba pa mtengo wa lole pamabwera masiku omwe mwini ali ku galaja mmalo mokhala pa geni. Mawaya a mtundu wa lalanje m'galimotozi amanyamula magetsi otha kupha munthu, choncho si malo oti mnyamata wa pansi pa mtengo aziphunzirirapo ntchito.

Galimotozi n'zotsika, ndipo matayala ake ndi opyapyala m'mbali. Pa phula wa M3 zimayenda ngati bwato pa nyanja yabata, koma msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja, kapena tinjira tamchenga totsikira m'madoko, timang'amba matayala ndi kupinda malimu, ndipo saizi yake sipezeka pa shopu iliyonse. Kuoloka madzi osefukira nako n'koopsa pa galimoto yodzala ndi magetsi. Mafuta akasowa, petulo wa m'zigubu wosakanizidwa ndi zina amaononga ma injector, ndipo injini ya V6 imeneyi ili nawo 12. Malo a katundu nawo ndi ochepa chifukwa batire idatenga gawo la buti. Matumba a usipa sangakwanemo mmene amakwanira mu Probox kapena Sienta.

Wina amene wakhazikika kale, ali ndi galimoto ina ya katundu ndipo akufuna Crown yoyendera ku ukwati ndi ku misonkhano, atha kuigula maso ali poyera. Injini yake payokha ndi yolimba ngati oyilo akusinthidwa pa nthawi yake. Asanapereke ndalama, apite nayo pa kompyuta kuti aone ngati timabatire tonse tikufanana mphamvu, ndipo aiyendetse mtunda wautali masana dzuwa likuswa mtengo, popeza wogulitsa wochenjera amatha kufufuta nyali zochenjeza m'mawa womwewo. Afunsiretu mtengo wa batire, bokosi la mabuleki ndi tayala limodzi, komanso kuti zingatenge masiku angati kufika ku Mangochi. Ngati kulipira batire yokha kungafune kugwira mpamba wa geni kapena kukatenga ngongole ku banki m'khonde, galimotoyo yakula kuposa bizinesi yake.

Amene ali nayo kale aziimika pa mthunzi, aziyatsa choziziritsa mpweya akamayenda masana chifukwa batire imapuma mpweya womwewo, asatseke timabowo ta mpweya ta kumbuyo ndi katundu, ndipo fani ya batire itsukidwe chaka chilichonse nyengo yotentha isanafike.