Kompyuta sidya dzina la mlimi

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, m'makalabu a alimi a ku Kasungu mumamveka dandaulo lomwelomwelo chaka ndi chaka, loti kompyuta yadya dzina la uje kapena yasintha yokha makilo a mabelo ake. Mawu amenewa ndi opweteka kwa aliyense wodziwa ntchito ya kaundula wa pakompyuta, chifukwa amachotsa mlandu pa munthu n'kuuika pa makina amene mlimi sangawafunse, motero iye amangobwerera kumudzi manja lende.

Kalaliki wa kalabu kapena wa esiteti akatsegula kaundula pa intaneti amaona timabokosi tondandalikidwa, timene akatswiri amatitcha data grid, momwe mzere uliwonse wopingasa umaimira mlimi mmodzi, pamene mzere wotsika umasunga chinthu chimodzi, monga dzina, kota kapena akaunti ya kubanki. Timabokosito ndi zenera chabe, pakuti fayilo yeniyeni imakhala pa seva, kompyuta yakutali yosunga zonse, ndipo chimene kalaliki wakonza sichifika kumeneko ngati netiweki yaduka asanachitumize.

Zolakwika zambiri zimabadwira pa zinthu zooneka zazing'ono. Nambala ya foni yoyamba ndi 088 kapena 099 ikaikidwa m'bokosi lokonzedwera kuwerengera, ziro woyambayo amagwa, popeza m'masamu alibe ntchito, ndipo uthenga wa malipiro sufika kwa mwini wake. M'fayilo ya mtundu wa CSV, imene imalekanitsa zinthu ndi mpatuliro, makilo olembedwa 1,200 akhoza kugawika pawiri n'kukhala 1 ndi 200 ngati pulogalamu sinawatchinjirize. Kuyambira mu 2017, pamene National Registration Bureau inalemba Amalawi m'kaundula wa unzika, nambala ya chiphaso ndiyo imazindikiritsa munthu, koma poti imasakaniza zilembo ndi manambala, chala chimodzi cholakwika chimapanga mlimi amene kulibe. Choopsa koposa n'kukopera mzere wa mayina wokha ku pulogalamu ya Excel, kuusanja motsatira alifabeti n'kuubwezera, chifukwa dzina la mlimi likhoza kukagwera pa akaunti ya mnzake, ndipo thukuta la banja lina limapita kwa munthu amene sanasokeko fodyayo.

Zonsezi zikhoza kusiya mapazi. Pulogalamu yokonzedwa bwino imalemba amene wasintha bokosi, tsiku lake ndi chimene chinalipo poyamba, ndipo imakana zosayenera zisanalowe; kalabu yogula pulogalamu yopanda zimenezi ikuika pachiswe ndalama za mamembala ake.

Kalaliki ayenera kusunga kope la fayilo asanaigwire, ndipo ngati n'kotheka anthu awiri asakonze mzere umodzi nthawi imodzi, popeza m'mapulogalamu ambiri wotumiza pomaliza amafufuta za mnzake. Mlimi naye apemphe kuti amuwerengere mzere wake wonse, chiphaso chili m'manja, mabelo asanakwere galimoto ya ku Chinkhoma.