Kodi mumadziwa? Chinaka chimachokera ku duwa

Chinaka chija timadya ngati ndiwo, chimene anzathu a ku Zambia amati chikanda, chimapangidwa kuchokera ku timbatata ta maluwa a kutchire a m'gulu la orchid, makamaka a mitundu ya Disa, Satyrium ndi Habenaria. Maluwawa amakonda madambo ndi udzu wa m'mapiri ozizira. Ku Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200 ya ma orchid, ndipo yambiri imachita maluwa m'nyengo ya dzinja.

Chilimwe chikafika, tsinde ndi masamba zimauma n'kutheratu, moti mukhoza kupondapo osadziwa kuti pansipo pali chamoyo. Kambatata kamangokhala phee m'nthaka kudikira mvula. Chaka chilichonse chomeracho chimadya kambatata kakale uku chikupanga katsopano pambali pake. Wokumba akachotsa katsopanoko, ndiye kuti wapha chomera chonse.

Chodabwitsa kwambiri ndi njere zake. N'zing'onozing'ono ngati fumbi, zimauluka ndi mphepo, ndipo zilibe chakudya chilichonse m'kati. Kuti njere imere, iyenera kukumana ndi timaulusi ta bowa wina wa m'nthaka, tomwe timalowa m'njeremo n'kumaidyetsa. N'chifukwa chake chinaka n'chovuta kulima kumunda ngati mbatata wamba.

Malonda a timbatatati akula moti ena amakatitenga mpaka ku Tanzania, komwe mu 2005 boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Kitulo, makamaka pofuna kusunga maluwa. Inu okumba, musamazule tchire lonse, muzisiyako zina kuti zibereke njere.