Zimene yisiti imatiuza za dzuwa la ku Balaka

Mabanzi amene timagula ku Liwonde kapena pa Balaka amafufuma chifukwa cha yisiti, kachamoyo ka selo imodzi yokha. Kachamoyo komweka ndi kamene kanathandiza asayansi kumvetsa zimene selo imachita DNA yake ikawonongeka.

Kuwala kwa UV kochokera kudzuwa kumamata tizigawo tiwiri toyandikana ta DNA, ndipo malangizo a pamalopo sawerengekanso bwino. Selo ikagawikana zinthu zili choncho, vutolo limapita ku maselo atsopano. Nchifukwa chake yisiti imayamba yaima kaye. Mu 1988, Ted Weinert ndi Leland Hartwell anapeza kuti ntchito yoimitsayi imadalira jini yotchedwa RAD9. Maselo amene analibe jiniyi ankangopitiriza kugawikana ndi DNA yoduka, mpaka kufa. Hartwell analandira mphoto ya Nobel mu 2001.

Ikaima sikuti imangokhala. Puloteni ya Mec1 imazindikira powonongeka n'kudzutsa inzake ya Rad53, ndipo uthengawo umatsegula majini (osati ziwanda zija ayi) amene anali phee. Ena mwa iwo, a RNR, amachulukitsa zipangizo zomangira DNA, monga mmisiri aitanitsira njerwa khoma likang'ambika. Akamaliza kukonza, selo imayambiranso kugawikana.

Maselo athu ali ndi mapuloteni ofanana ndi amenewa, ATR ndi CHK2. Koma pena yisiti imatiposa: ili ndi photolyase, yomwe imamatula tizigawo tija pogwiritsa ntchito kuwala. Ife tilibe. Timadalira kudula kachidutswa kowonongekako n'kulukanso kena, ndipo dzuwa likachuluka zolakwika zina zimatsalira. Zikaunjikana kwa zaka, ndiye khansa ya pakhungu.

Apa m'pamene nkhaniyi imafika pakhomo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi. Maselo awo amakonza DNA ngati a wina aliyense. Chimene chimachepa ndi melanin wotchinga UV. Tangoganizani tsiku lonse la ganyu m'munda mu Okutobala, m'chigwa cha Shire. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa zimachepetsa ntchito ya maselowo. Chilonda chosapola pankhope kapena pakhosi n'chofunika kukachionetsa msanga, kaya ku chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde kapena cha Balaka.